NORMLEX ya ILO: imathandiza bwanji pokonzekera zokambirana za ogwira ntchito ndi owalemba ntchito

NORMLEX ndi nkhokwe ya pa intaneti ya bungwe la International Labour Organization, lomwe ambiri amangoliti ILO. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1919, likulu lake lili ku Geneva, ndipo mayiko 187 ndi mamembala ake. Mu nkhokweyi anaikamo mapangano onse okhudza ntchito amene bungweli lapanga, mndandanda wa mayiko amene anavomereza pangano lililonse, ndemanga za akatswiri ake pa momwe boma lililonse likutsatira zomwe linalonjeza, ndiponso madandaulo amene mabungwe a ogwira ntchito ndi a olemba ntchito anakatula. Kuwerenga n'kwaulere ndipo safuna kuti mulembetse dzina. Zinenero zake ndi Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi. Chichewa mulibe, choncho mtsogoleri wa yuniyoni amene akufuna kukafotokozera mamembala ake ayenera kudzimasulira yekha.

Kwa munthu amene akukonzekera zokambirana za malipiro, kapena amene akufuna kudziwa ngati thumba la penshoni likukwaniritsa mlingo wovomerezeka pa dziko lonse, palibe malo ena aulere amene angapose NORMLEX. Koma pali chinthu chimodzi chimene tsambali silinena momveka, ndipo chimagwetsa ambiri: zolembedwa mmenemo ndi udindo wa maboma. Pangano la ILO limamanga boma limene lalivomereza, ndipo bomalo ndi limene liyenera kulisandutsa lamulo la m'dziko mwake. Bwana wa kampani sanasayine kalikonse ku Geneva. Mukamuwerengera ndime ya pangano ngati kuti ndi lamulo limene walithyola, loya wake adzangofunsa ngati dziko lanu linalivomereza komanso ngati nyumba ya malamulo inalilowetsa m'malamulo ake, ndipo mukasowa yankho, mfundo yanu yafera pomwepo.

Ndiye poyambira pasakhale pa mawu a mapangano. Yambani ndi gawo lolembedwa Country profiles, musankhe dziko lanu, kenako mutsegule mndandanda wa zomwe linavomereza. Mapanganowo amawagawa patatu. Choyamba ndi mapangano a maziko, amene tsopano alipo 10 chifukwa mu 2022 anawonjezerapo C155 ya 1981 ndi C187 ya 2006 za chitetezo ndi umoyo pa ntchito (pangano lililonse limadziwika ndi chilembo C ndi nambala yake). Chachiwiri ndi mapangano 4 a kayendetsedwe ka zinthu, omwe ndi C081, C122, C129 ndi C144. Chachitatu ndi ena onse otsala. Pa mzere uliwonse pali tsiku lovomerezera, ndi mawu oti In Force kapena Not in force, osonyeza ngati panganolo likugwira ntchito m'dzikomo kapena ayi, ndipo pansi pa dzina la mapangano ena pali kamzere ka mawu owonjezera.

Kamzere kameneko n'kofunika kuposa momwe kamaonekera. Pa C138 ya 1973 ndi pomwe mungaone msinkhu woyambira ntchito umene dzikolo linasankha. Pa C132 ya 1970 pamalembedwa masiku a tchuthi cholipidwa amene linalonjeza, ndipo panganolo limafuna kuti asachepere masabata 3 a ntchito pa chaka. Pa C102, pangano la chitetezo cha anthu pa mavuto a moyo, pamalembedwa magawo amene linavomereza, popeza panganoli amaloledwa kulitenga mwa zigawo. Tsiku nalo liwerengeni bwino: kawirikawiri pangano limayamba kumanga dziko pakatha miyezi 12 chilembetsereni kuvomereza kwake. Dziko limene lavomereza mu March chaka chino silinayambe kumangidwa kufikira March wa chaka chamawa.

Palinso msampha wa mapangano akale. Nkhani ya tchuthi cha amayi oyembekezera ili ndi mapangano atatu: C003 ya 1919, C103 ya 1952 ndi C183 ya 2000. Awiri oyambawo amanena masabata 12, pomwe C183 imanena masabata 14, ndi malipiro osachepera magawo awiri mwa atatu a zomwe mayiyo ankalandira. Pamwamba pa pangano lililonse NORMLEX imalemba ngati likadali la masiku ano kapena linatha ntchito, koma imalemba ndi zilembo zing'onozing'ono, moti munthu wothamanga amadumpha. Amene akulemba zofuna za ogwira ntchito akatenga C103 pomwe dziko lake linavomereza C183, amadzichotsera yekha masabata 2.

Pa nkhani ya zokambirana za pamodzi, mapangano oyenera kuwatsegula ndi C087 ya 1948 ndi C098 ya 1949, ndipo onse ndi aafupi, mutha kuwamaliza pa nthawi yopuma masana. C087 imapatsa ogwira ntchito ndi olemba ntchito, onse awiri, ufulu woyambitsa mabungwe awo ndi kulowamo popanda kupempha chilolezo, ndipo imaletsa akuluakulu a boma kuthetsa kapena kuimitsa bungwe ndi chigamulo cha mu ofesi. C098 ili ndi mfundo zitatu zogwira mtima. Ndime 1 imateteza munthu kuti asachotsedwe kapena kuvutitsidwa chifukwa cha yuniyoni. Ndime 2 imaletsa kulowerera, monga bwana kudziyambitsira yuniyoni yake n'kumaipatsa ndalama kuti aziilamulira. Ndime 4 imauza boma kuti lilimbikitse zokambirana zochitika mwa kufuna kwa mbali zonse ziwiri. Mawu oti mwa kufuna ndi amene ambiri sawaona. Panganoli silikakamiza bwana kuvomera chiwerengero chilichonse cha malipiro. Ngati m'dziko mwanu bwana amakakamizidwa kuzindikira yuniyoni imene yafika pa chiwerengero china cha mamembala, zimenezo zimachokera m'lamulo la dziko lanulo, ndipo chiwerengerocho muchifune kumeneko.

Ogwira ntchito m'boma awerengenso ndime 5 ndi 6 za C098. Ndime 5 imasiya nkhani ya asilikali ndi apolisi m'manja mwa malamulo a dziko. Ndime 6 imati panganoli silikhudza ogwira ntchito amene amayendetsa boma lenilenilo. Maboma ena amakoka ndimeyi kuti iphimbe aliyense wolandira malipiro ku boma, koma akatswiri a ILO akhala akunena kuti aphunzitsi, ogwira ntchito m'zipatala ndi a m'makampani a boma sali m'gulu limenelo. Kutanthauzira kumeneku simudzakupeza m'mawu a panganolo. Kuli m'ndemanga, ndipo ndemangazo ndi chifukwa chachikulu chotsegulira NORMLEX m'malo mongosindikiza pangano n'kulisunga mu kabati.

Ndemangazo zimalembedwa ndi komiti ya akatswiri 20 a zamalamulo, yotchedwa CEACR mwachidule, imene inayamba mu 1926. Boma limatumiza lipoti pa pangano lililonse limene linavomereza, pa zaka 3 zilizonse kwa mapangano a maziko ndi a kayendetsedwe, ndi pa zaka 6 zilizonse kwa enawo. Komiti imayankha m'njira ziwiri. Observation ndi ndemanga ya pa nkhani zikuluzikulu kapena zokhalitsa, ndipo imasindikizidwa mu lipoti la chaka la komitiyo. Direct Request ndi mafunso opita ku boma mwachindunji, sasindikizidwa mu lipoti lija, koma pa NORMLEX alipo. Apa tsambali tiyenera kuliyamikira kwambiri. Mu Direct Request ndi momwe mumapezeka zinthu zothandiza pa tebulo la zokambirana: ndime yeniyeni ya lamulo la dziko lanu imene akatswiri akuti siikugwirizana ndi pangano, yankho limene boma linapereka, ndi lonjezo lake loti lisintha. Boma likalonjeza ku Geneva kuti lamulo lina likuunikidwanso, yuniyoni kapena bungwe la olemba ntchito lili ndi poyambira pofunsa kuti kuunikako kwafika pati.

Powerenga ndemanga, yang'anani mutu wake. Umakhala ndi zaka ziwiri, chaka chimene komiti inaigwirizana ndi chaka chimene inasindikizidwa, ndipo zimasiyana ndi chaka chimodzi chifukwa komiti imakumana kumapeto kwa chaka, lipoti n'kutuluka kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Kuwonjezera apo, ndemangayo imachokera pa lipoti limene boma linatumiza miyezi ingapo mmbuyomo. Choncho ndemanga yatsopano kwambiri imatha kukamba za lamulo limene linasinthidwa kale. Musaitenge ngati chithunzi cha lero. Chinanso: boma likalephera kutumiza lipoti, komiti imabwereza ndemanga yakale liwu ndi liwu, n'kungolemba chiganizo chimodzi pamwamba chonena kuti lipoti silinafike. Wowerenga amene wadumpha chiganizocho amaganiza kuti akatswiri apeza zatsopano pomwe ndi mawu a zaka zapitazo.

Gawo lolembedwa Regular reporting anthu ambiri saligwiritsa ntchito, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa ndi khomo lawo lolowera. Limaonetsa chaka chimene lipoti la pangano lililonse likuyembekezeka kuchokera ku dziko lanu. Malamulo oyendetsera ILO, pa ndime 23, amalamula boma kupereka makope a malipotiwo kwa mabungwe oimira ogwira ntchito ndi olemba ntchito. Mabungwewo ali ndi ufulu wolemba maganizo awo n'kuwatumiza okha ku ILO, ndipo kuti awerengedwe chaka chomwecho afike pofika pa 1 September. Kalata yothandiza imatchula pangano, ndime yake, ndime ya lamulo la dziko, ndi zochitika zenizeni ndi masiku ake. Kalata yongodandaula kuti ogwira ntchito akuvutika siisuntha kanthu, chifukwa akatswiriwo amayeza lamulo ndi machitidwe poyerekeza ndi mawu a pangano.

Tifike pa chitetezo cha anthu pa mavuto a moyo, chomwe ndi C102 ya 1952. Panganoli ndi lalitali ndipo pa foni limatopetsa, koma muli manambala amene aliyense wokhala mu komiti ya thumba la penshoni ayenera kuwadziwa. Lili ndi nthambi 9: chithandizo cha kuchipatala, malipiro a pa matenda, a pa ulova, a ukalamba, a kuvulala pa ntchito, a banja, a uchembere, a kulumala, ndi a amasiye. Dziko lovomereza limatenga nthambi zosachepera 3, ndipo imodzi mwa izo iyenera kukhala ulova, ukalamba, kuvulala pa ntchito, kulumala kapena amasiye. N'chifukwa chake kumva kuti dziko linavomereza C102 sikukuuzani zambiri mpaka mutaona nthambi zake pa kamzere kaja.

Mlingo wa malipiro uli pa tebulo lobisika kumapeto kwa gawo XI. Pa matenda, ulova ndi uchembere ndi 45 peresenti ya malipiro. Pa ukalamba, kulumala ndi amasiye ndi 40 peresenti. Pa kuvulala pa ntchito ndi 50 peresenti, kupatula amasiye a wovulalayo amene amalandira 40 peresenti. Penshoni yathunthu ya 40 peresenti iyenera kupezeka kwa amene wasonkha kapena wagwira ntchito zaka 30, ndipo amene wakwanitsa zaka 15 ayenera kulandira yochepetsedwa. Msinkhu wopumira usapose zaka 65, ngakhale pangano limalola kuukweza poona mphamvu za okalamba a m'dzikolo. Malipiro a pa matenda atha kulekezera pa masabata 26, osalipira masiku 3 oyamba. A pa ulova atha kulekezera pa masabata 13 m'miyezi 12, osalipira masiku 7 oyamba.

Pali mfundo ziwiri mu C102 zimene zimasintha makambirano. Yoyamba ili pa ndime 28 ndi 30: penshoni ya ukalamba iyenera kuperekedwa pafupipafupi kwa moyo wonse wa munthuyo. Thumba limene limapereka ndalama zonse kamodzi pa tsiku lopuma, munthu n'kupita nazo, silikwaniritsa panganoli ngakhale ndalamazo zitachuluka bwanji, chifukwa zikatha munthuyo akadali moyo palibe chomugwira. Yachiwiri ili pa ndime 71: zosonkha za ogwira ntchito zisapose 50 peresenti ya ndalama zonse zoikidwa pa chitetezo chawo. Olemba ntchito akabwera ndi ganizo loti ogwira ntchito azisonkha gawo lalikulu kuposa iwo, ndime imeneyi ndi yoyamba kuitsegula.

Cholakwika chofala ndi kutenga maperesentiwo ngati ufulu wa munthu aliyense payekha. Panganoli limawerengera pa munthu wachitsanzo, ndipo popeza linalembedwa mu 1952, munthuyo kawirikawiri ndi mwamuna wokhala ndi mkazi ndi ana 2, kapena pa ukalamba mwamuna wokhala ndi mkazi wa msinkhu wopuma. Limalolanso dziko kuika malire a malipiro owerengerapo, bola malirewo asatsike kuposa malipiro a mmisiri wa ntchito zamanja. Ndiye wolandira malipiro apamwamba akhoza kupeza zochepera 40 peresenti popanda pangano kuthyoledwa. NORMLEX siifotokoza zimenezi pambali pa mawu a pangano. Tikuona kuti pamenepa ikanaika kalozera kafupi, chifukwa ndime 65 ndi 66 n'zovuta ngakhale kwa anthu ozolowera manambala. Mudziwenso kuti mapangano a pambuyo pake anakweza mlingowo: C121 ya 1964 inaika 60 peresenti pa kuvulala, C128 ya 1967 inaika 45 peresenti pa ukalamba, ndipo C130 ya 1969 inaika 60 peresenti pa matenda.

Gawo la madandaulo a ufulu wa mabungwe ndi lina lolemera. Komiti yake inakhazikitsidwa mu 1951, ili ndi nthumwi za maboma, za olemba ntchito ndi za ogwira ntchito, ndipo yaunika milandu yoposa 3,000. Chosiyana ndi njira zina n'chakuti dandaulo limalandiridwa ngakhale dzikolo silinavomereze C087 kapena C098. Izi n'zofunika poti mayiko akuluakulu monga United States, China ndi India sanavomereze mapangano awiriwa. Dandaulo limachokera ku bungwe la ogwira ntchito kapena la olemba ntchito. Munthu payekha amene wachotsedwa ntchito sangalitumize m'dzina lake, ndipo komitiyo siipereka chigamulo chokakamiza ngati khoti. Imapereka malangizo ku boma n'kumalondola. Pa NORMLEX mlandu uliwonse uli ndi nambala ndi chizindikiro chosonyeza ngati ukadali mkati, ukulondoledwa kapena unatsekedwa. Mfundo zochokera m'milanduyi anazisonkhanitsa m'buku la zigamulo la 2018, limene lili pa tsamba lomweli mogawidwa m'mitu. Mmenemo ndi momwe mungapeze tanthauzo la ntchito zofunika kwambiri zimene sitiraka ingaletsedwe: ntchito zimene zikaima, moyo, chitetezo kapena umoyo wa anthu onse kapena ena ukhala pa chiopsezo. Chipatala ndi madzi zili m'gululo. Ntchito imene ikaima kampani ingotaya phindu siili m'gululo.

Pa sitiraka pomwepa, wowerenga achenjere. Mawu oti ufulu wonyanyala ntchito mulibe m'ndime za C087. Komiti za ILO zakhala zikuutenga ngati chipatso cha ufulu wa mabungwe wokonza ntchito zawo ndi kuteteza mamembala awo, koma mu 2012 gulu la olemba ntchito linatsutsa kutanthauzira kumeneku pa msonkhano waukulu wa bungweli, ndipo mu November 2023 nkhaniyi inatumizidwa ku khoti la dziko lonse la International Court of Justice ku The Hague. Amene akuwerenga ndemanga za akatswiri zokha sangadziwe kuti panali mkangano wotere, chifukwa tsamba la pangano silimuchenjeza.

Olemba ntchito asaganize kuti nkhokweyi ndi ya mayuniyoni okha. C158 ya 1982 ndi kalozera wabwino wa kuchotsa munthu ntchito mosagwa m'mavuto, ngakhale m'dziko limene silinaivomereze. Ndime 4 imafuna chifukwa chomveka chokhudza luso, khalidwe kapena zosowa za kampani. Ndime 5 imatchula zifukwa zosaloledwa, monga umembala wa yuniyoni, mimba, chipembedzo ndi kukasuma pa zomwe bwana walakwa. Ndime 7 imati munthu asachotsedwe pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Ndime 11 ndi ya notisi, ndime 12 ndi ya ndalama zolipira wochotsedwa, ndipo ndime 13 imafuna kukambirana ndi oimira ogwira ntchito musanachepetse anthu. Milandu yambiri imene abwana amagonja imagwera pa mfundo ya ndime 7: chifukwa chinalipo ndithu, koma munthuyo sanamvedwe. Pali malangizo awiri othandiza mbali zonse. R091 ya 1951 imati mfundo za kontrakiti ya munthu zimene zikutsutsana ndi mgwirizano wa pamodzi zikhale zopanda mphamvu, kupatula zimene zikumukomera. R163 ya 1981 imati mbali zonse zipatsidwe zidziwitso zofunika kuti zokambirana zikhale zenizeni, kuphatikizapo momwe chuma cha kampani chilili. Malangizo, odziwika ndi chilembo R, savomerezedwa ndi mayiko ndipo samanga aliyense, koma pa tebulo la zokambirana amalemera ndithu.

Zofooka za tsambali zili pa kagwiritsidwe. Linapangidwira kompyuta, ndipo pa foni matebulo a mayiko amasefukira kunja kwa sikirini. Ndemanga zimabwera ngati chindime chimodzi chachitali, moti kupeza pomwe patchulidwa ndime ya lamulo lanu kumafuna kusaka mawu ndi chida cha mu burawuza. Kusaka kwake kumayenda bwino mukadziwa nambala ya pangano ndi dzina la dziko, koma mukalemba funso m'mawu anu, monga masiku a tchuthi, mumalandira zambirimbiri zosasanjidwa. Njira yachangu ndi kulemba nambala ya pangano, dzina la dziko ndi mawu oti NORMLEX mu Google, kenako kutsimikizira kuti ndemanga imene yatseguka ndi yomaliza, chifukwa nthawi zambiri imatuluka yakale. Ubwino wake ndi woti masambawo ndi mawu okhaokha, sadya data yambiri, ndipo mutha kuwasunga ngati PDF kuti mukawerenge kumene kulibe netiweki.

Malamulo a dziko lanu enieniwo ali m'nkhokwe inzake ya ILO yotchedwa NATLEX, imene imalumikizidwa ndi tsamba la dziko lililonse. Muli chidule cha lamulo ndipo nthawi zambiri mawu ake onse, koma zosintha za pambuyo pake zimaikidwa pazokha, osaziphatikiza m'lamulo loyambalo. Mukhoza kuwerenga lamulo la ntchito la zaka 20 zapitazo osadziwa kuti ndime ya ndalama zolipira wochotsedwa inasinthidwa. Nambala iliyonse imene mukufuna kuilemba mu mgwirizano wa pamodzi, kaya masiku a notisi, maola a ntchito kapena peresenti ya zosonkha za penshoni, muitsimikizire ndi gazeti ya boma kapena ofesi ya zantchito musanasayine. Mukapeza kuti lamulo lanu kapena mgwirizano wanu ukupereka zambiri kuposa pangano la ILO, musalole wina kugwiritsa ntchito panganolo pokutsitsani. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera ILO, pa kachigawo 8, imaletsa zimenezo, ndipo ili pa NORMLEX m'gawo lolembedwa Key documents.